Dimba la Gulu ndi Sewero la Zidole: Kuphunzira Pamodzi M'mizinda

Mau oyamba

Mlangizi wa zaulimi amene wasamutsidwa kuchoka kumudzi kukagwira ntchito mumzinda amazindikira msanga kuti zambiri zimene anazolowera sizithandiza kumeneko. Kumudzi amapita kwa nyakwawa, uthenga umalengezedwa madzulo, ndipo m'mawa mwake anthu amasonkhana pansi pa mtengo wa kachere. Ku Ndirande, ku Chawama, ku Mbare kapena ku Khayelitsha mtengo wotere ndi wosowa. Anthu oyandikana nyumba amachokera m'madera osiyanasiyana, amalankhula zinenero zosiyana, ambiri ali pa lendi, ndipo tsiku lawo limathera pa ganyu, pa geni ndi pa mzere wa kumpopi. Munthu wotere sangataye maola awiri kumvetsera mlangizi akufotokoza za kutalikirana kwa mbande.

Komabe anthu a m'mizinda amalima, ndipo akhala akulima kuyambira kale. Kuseri kwa nyumba, m'mphepete mwa misewu ndi njanji, pansi pa nthambo za magetsi, m'madambo ndi pa malo osamangidwa a sukulu ndi matchalitchi pamapezeka mpiru, repu, nkhwani, tomato ndi chimanga. Kwa banja limene ndalama zake zambiri zimathera pa chakudya, kabedi kamodzi ka masamba kamatanthauza kuti ndalama ya ndiwo ya tsikulo igula sopo kapena makala. Kabuku kano kakufotokoza m'mene ntchito ziwiri zooneka ngati zosagwirizana, dimba la gulu ndi sewero la zidole, zingayendere limodzi pamene anthu omwewo akuchita zonse ziwiri.

Zimene zinachitika kale m'chigawo chino

Ku Maputo, boma la Mozambique linakhazikitsa mu 1980 ofesi yoyang'anira malo olima ozungulira mzindawo, otchedwa Zonas Verdes. M'zigwa za Infulene ndi Mahotas, makopaletivi amene mamembala ake ambiri anali amayi anadyetsa mzinda ndiwo zamasamba pa nthawi imene nkhondo inatseka misewu yochokera kumidzi. Ku Cape Town, bungwe la Abalimi Bezekhaya linayamba mu 1982 kuthandiza anthu a m'malokeshoni a Cape Flats kulima pa nthaka yamchenga, powagulitsa mbeu, mbande ndi manyowa pa mtengo wotsika ku Nyanga ndi ku Khayelitsha. Mu 2008 bungweli linayambitsa Harvest of Hope, njira yogulitsira masamba a alimiwo kwa ogula olandira mabokosi sabata ndi sabata.

Ku Harare zinthu zinali zosiyana. Kwa zaka zambiri antchito a khonsolo ankatchetcha chimanga cholimidwa pa malo osaloledwa, nthawi zina chitatsala pang'ono kukhwima. Maganizo a olamulira anasintha pang'onopang'ono, ndipo mu 2003 nduna za maboma ang'ono za maiko a Kenya, Malawi, Swaziland, Tanzania ndi Zimbabwe zinagwirizana pa chikalata cha ku Harare, chovomereza kuti ulimi wa m'mizinda uyenera kupatsidwa malo m'mapulani a mizinda. Mlangizi asaiwale kuti chikalata cha nduna si chilolezo cha malo. Gulu lililonse liyenera kukhala ndi kalata yakeyake yochokera kwa mwini malo, kaya ndi khonsolo, sukulu kapena mpingo, yonena zaka zimene laloledwa kulima ndiponso nthawi ya chidziwitso ngati malowo akufunidwa.

Chimene chimapha madimba a magulu

Kawirikawiri dimba la gulu silifa chifukwa cha nsabwe za m'masamba kapena kusowa kwa feteleza. Limafa chifukwa cha madzi, malo ndi mikangano.

Masamu a madzi ndi osavuta, koma magulu ambiri amayamba kugaula asanawawerengere. M'nyengo yotentha ya Okutobala, bedi la masamba limafuna malita pafupifupi 5 pa sikweya mita iliyonse tsiku lililonse. Bedi la mita 1 mulifupi ndi mamita 10 mulitali limamwa malita 50, kapena kuti makheni asanu a malita 10. Gulu la mabedi 20 liyenera kupeza malita 1,000 pa tsiku, zimene ndi ndowa 50 za malita 20. Ngati madziwo ndi ogula pa kiyosiki, gawo lalikulu la phindu limathera pomwepo. Ngati ndi otunga kumtsinje kapena pachitsime, wina ayenera kusenza ndowazo pamutu. Pofika sabata lachitatu chidwi cha poyamba chimakhala chitazirala, ndipo kumapezeka kuti amayi anayi okha ndiwo akuthirira mabedi a anthu makumi awiri.

Amayi anayiwo sadandaula pa msonkhano. Wosathirirayo mwina ndi mkazi wa mwini nyumba imene iwo amachita lendi. Wothyola tomato usiku mwina ndi mwana wa wapampando. Ndalama za masamba ogulitsidwa pamodzi zili ndi msungichuma amene ndi mkulu wa mpingo, ndipo kumufunsa risiti kumaoneka ngati mwano. Mlangizi akafunsa m'mene ntchito ikuyendera, onse amayankha kuti zonse zili bwino, kenaka amaleka kubwera mmodzimmodzi. Lipoti lopita ku ofesi limati gulu linalibe chidwi, chonsecho chidwi chinalipo ndithu. Chimene chinasowa ndi njira yonenera mau ovuta popanda kudana ndi munthu amene mukumana naye mawa pa mpopi.

Dimba ngati sukulu

Njira ya sukulu ya alimi ya m'munda inayambira ku Indonesia mu 1989, mothandizidwa ndi bungwe la FAO, pakati pa alimi a mpunga, ndipo inafika kum'mawa ndi kumwera kwa Africa m'zaka za m'ma 1990. Maziko ake ndi oti alimi amakumana kamodzi pa sabata m'munda momwemo kwa nyengo yonse ya mbeu, amayang'anitsitsa zimene zikuchitika, amayerekeza njira ziwiri, ndipo amagamula okha. Dimba la m'tauni limayenerera njirayi kuposa munda wa chimanga, pakuti masamba sachedwa. Bonongwe amayamba kuthyoledwa patangotha masabata anayi kapena asanu, ndipo repu wookedwa amatenga nthawi yofanana kapena yoposerapo pang'ono. Motero gulu likhoza kuona zotsatira za chiyeso chake katatu kapena kanayi m'chilimwe chimodzi.

Kagawidwe ka dimba nkofunika kwambiri. Dimba limene zonse ndi za onse silichedwa kukhala la wopanda mwini. Ndi bwino kuti membala aliyense akhale ndi mabedi ake, azithirira ndi kukolola yekha, ndipo zapamodzi zikhale nazale, mulu wa kompositi, zida, mpanda ndi mabedi awiri kapena anayi ophunzirira. Pa mabedi ophunzirirawa pasinthidwe chinthu chimodzi chokha pa nthawi imodzi: bedi lina lophimbira ndi udzu, linzake losaphimbira, koma mbeu, tsiku lobzala ndi manyowa zikhale zofanana. Gulu likasintha zinthu zitatu nthawi imodzi, silingadziwe chimene chabweretsa kusiyana. Zolemba zikhale zapafupi, monga makheni amene bedi lililonse lamwa pa sabata ndi mipukutu ya masamba imene yathyoledwa. Mayi amene wawerenga yekha kuti bedi lophimbira likumwa makheni ochepa safunanso womuuza ubwino wophimbira.

Pamene nthaka ndi youma gwa kapena yamchenga, bedi la dzenje limathandiza. Njirayi inafalitsidwa kwambiri ku South Africa ndi bungwe la Food Gardens Foundation. Amakumba dzenje lalikulu ngati chitseko, mamita 2 mulitali, mita 1 mulifupi ndi theka la mita kuya kwake, kuika dothi lapamwamba mbali ina ndi lapansi mbali ina. M'dzenjemo amathiramo makoko ndi zotsala za kukhitchini, udzu, masamba ouma, phulusa pang'ono ndi ndowe ngati ilipo, mosinthanitsa ndi dothi, akuthirira madzi, ndipo pomaliza amabwezera dothi lapamwamba lija. Bedi lotere limasunga chinyezi ndi chonde kwa nyengo zingapo. Zinyalala za m'tauni ziyenera kusankhidwa bwino: mabatire, mapulasitiki, magalasi ndi zitini za penti kapena za oilo zisalowemo.

Mlangizi asanyoze ndiwo zamakolo. Bonongwe, luni, chisoso, chitambe, kholowa ndi nkhwani zimapirira dzuwa, sizifuna mankhwala ambiri, mbeu yake alimi amasunga okha, ndipo zili ndi michere yoteteza maso ndi yowonjezera magazi kuposa kabichi woyera. Kuzitendera kapena kuthirako mafuta pang'ono kumathandiza thupi kulandira vitamini A, pamene soda wambiri ndi kuphika nthawi yaitali zimaononga mavitamini ena. Agogo a m'gulu amadziwa zambiri za ndiwozi, kuphatikizapo kufutsa, kuposa zimene zili m'mabuku a mlangizi. Iwo ndiwo aziphunzitsa gawo limeneli.

Zidole si zachilendo pa ntchito ya ulangizi

Ku Malawi, nthambi ya Extension Aids ya unduna wa zaulimi, imene inkasindikizanso magazini ya Za Achikumbi, inkatumiza magalimoto m'midzi kukaonetsa mafilimu ndi masewero a zidole kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Anthu ankabwera mwaunyinji ndipo ankaseka kwambiri. Koma mau a zidolezo ankajambulidwiratu pa tepi ku likulu. Chidole sichinkatha kumva funso, sichinkadziwa vuto la mudzi umene chafikamo, ndipo galimoto ikachoka nkhani inkathera pomwepo.

Ku Botswana, mu 1974, kunayamba ntchito yotchedwa Laedza Batanani m'dera la Bokalaka, imene ena mwa oiyambitsa anali Ross Kidd ndi Martin Byram. Iwo ankayamba ndi kufunsa anthu mavuto awo, nkupanga masewero, zidole, nyimbo ndi magule kuchokera pa mavutowo, ndipo chionetsero chikatha anthu ankakambirana. Pambuyo pake oyambitsawo analemba okha kuti ngakhale zinali tero, ochita seweroli ndi osankha uthenga anali antchito aboma, osati eni mudzi, ndipo zokambiranazo sizinkatsatiridwa ndi ntchito yeniyeni. Gulu la zisudzo loyendayenda la ku Chancellor College linapitiriza kufufuza njirayi pa ntchito ya zaumoyo m'dera la Liwonde pakati pa zaka za m'ma 1980, ndipo kumeneko anthu a m'midzi ankalowa okha m'sewero kukatsutsa kapena kukonza nkhani. Ku South Africa, Gary Friedman anakhazikitsa bungwe la AREPP mu 1987, ndipo mu 1988 linayamba kuonetsa m'misewu sewero la Puppets Against AIDS. Zidole zake zikuluzikulu zinali zotuwa ngati phulusa, kuti pasapezeke wonena kuti matendawo ndi a mtundu wakutiwakuti wa anthu.

Ntchito imene inalumikiza dimba ndi zisudzo mwachindunji ndi ya sukulu za ulimi ndi moyo za achinyamata, imene FAO ndi WFP anayamba kuyesa mu 2003 pafupi ndi Chimoio ku Mozambique. Ana amasiye ndi ovutika a zaka 12 mpaka 17 ankalima munda wawo wophunzirira, ndipo ankagwiritsa ntchito masewero, nyimbo ndi magule pokambirana za matenda, nkhanza ndi kusiyana kwa ntchito za anyamata ndi atsikana.

Phunziro lochokera m'mbiri yonseyi ndi lomveka: chidole chobwera ndi alendo chimasangalatsa, koma chimene chimasintha kachitidwe ka zinthu ndi chopangidwa ndi eni vuto, chokhala ndi malo oti zimene zagwirizanidwa zikayesedwe mawa lake. Dimba ndilo malo amenewo.

Chifukwa chake chidole

Wina angafunse chifukwa chosangochita sewero wamba. Sewero wamba ndi labwino, koma wochita amaoneka nkhope, ndipo m'komboni aliyense amadziwa amene ali. Mtsikana sangaime pamaso pa akuluakulu nkunena kuti wapampando sathirira. Mayi sanganene pagulu kuti ndalama za tomato zimalandidwa ndi bambo akunyumba nkukathera kumowa. Kuseri kwa chitenje, dzanja lili m'sokosi, mau omwewo amatuluka mosavuta, ndipo womva sakwiya msanga chifukwa kukangana ndi sokosi kumachititsa manyazi. Anthu amaseka, ndipo mwini nkhani amadzidziwa yekha popanda womuloza chala.

Palinso zina zimene chidole chimatha koma munthu sangathe. Nsabwe ya m'masamba ikhoza kukula ngati mpira nkudzitama m'mene imaswanirana pa repu wothinana. Kachikumbu kofiira ka madontho akuda kamene kamadya nsabwe kakhoza kudandaula kuti mlimi wakapopera mankhwala pamodzi ndi mdani wake. Muzu wa tomato ukhoza kuonetsa zotupa zimene zabwera ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, ndi kulira kuti chaka chilichonse pa bedi lomwelo pamabzalidwa tomato, mabilinganya ndi tsabola, zimene ndi mbeu za banja limodzi. Zidole sizifuna kudziwa kuwerenga, ndipo wamanyazi amene salankhula pa msonkhano kawirikawiri ndiye amakhala katswiri kuseri kwa nsalu.

Kupanga zidole ndi kumanga nkhani

Zipangizo zonse zimapezeka m'komboni. Sokosi yakale yokhala ndi mabatani awiri ndi kakatoni kopinda m'kamwa ndi chidole chokwanira. Mutu waukulupo umaumbidwa ndi manyuzipepala ong'amba ndi phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa, pa chikho kapena pa mpira wa mapepala, nkuumitsa masiku awiri kapena atatu. Tsitsi limachokera ku ulusi wa chiguduli kapena ndevu za chimanga, zovala ku zidutswa za kwa telala, manja amayendetsedwa ndi timitengo ta nsungwi. Bwalo ndi chitenje kapena bulangete lomangirira pa mitengo iwiri, lalitali kubisa munthu wogwada. Maso a chidole akhale aakulu, chidole chimodzi chokha chizigwedezeka pamene chikulankhula, ndipo wolankhula atulutse mau kwambiri, pakuti nsalu imameza mau.

Gawo lofunika koposa ndi nkhani, ndipo apa ndi pamene mlangizi amayesedwa kudziletsa. Iye asabwere ndi sewero lolemba kale. Nkhani ichokere m'zimene gulu laona pa mabedi ophunzirira sabata imeneyo, kapena m'madandaulo onong'onezana pobwerera kunyumba. Njira ina yosavuta ndi yoti aliyense atchule kwa mnzake mmodzi chinthu chimene chikumuwawa pa dimbapo, ndipo mnzakeyo achinene ku gulu osatchula mwini wake. Gulu lisankhe vuto limodzi. Sewero lonena za kompositi, mankhwala, kolera, umbava ndi ngongole nthawi imodzi limatha ngati pusi uja anati ichi chakoma ichi chakoma nagwa chagada. Mphindi 10 kapena 15 ndi zokwanira.

Nthano zamakolo zili kale ndi anthu ofunikira. Pafupifupi aliyense m'chigawo chino amadziwa za Kalulu amene anakana kukumba chitsime ndi anzake koma nkumabwera kudzamwa mozemba. Gulu lovutika ndi osathirira likhoza kumubweretsa Kaluluyo pa dimba. Iye amafika dzuwa litakwera, kheni ili youma, nkupeza Kamba wathirira kale mabedi onse.

"Mwaswera bwanji agogo? Ine msana wandivuta zedi lero, mundithirireko kabedi kangaka."

"Pepani achimwene. Koma dzulo munati ndi bondo, dzana munati kuli maliro. Nanga tsiku logawana ndalama, msanawu udzakhala utapola?"

Apa sewero liime. Lisapereke yankho. Mtsogoleri wa zokambirana, amene amaima kutsogolo kwa nsalu, afunse anthu: Kamba achite chiyani? Kalulu achotsedwe m'gulu, alipitsidwe, kapena apatsidwe bedi lake kuti liume likaumadi? Maganizo aliwonse ayesedwe pomwepo ndi zidole, ndipo Kalulu aloledwe kudziteteza. Nthawi zina zimatulukira kuti Kalulu weniweni wa m'gululo ndi mayi amene amadzuka 4 koloko kukapikula tomato kumsika, ndipo nthawi yothirira imene inakhazikitsidwa siyimuyenerera konse. Gulu likadziwa zimenezi limasintha ndandanda m'malo mochotsa munthu. Chogwirizana chilembedwe m'kaundula zidole zisanabwezedwe m'bokosi, pamodzi ndi dzina la woyang'anira ndi tsiku lodzaonanso.

Nkhani zimene siziyenera kulakwika

Pa mikangano ya gulu, yankho ndi la eni ake. Koma pali nkhani zina zokhudza moyo zimene mlangizi ayenera kuonetsetsa kuti chidole sichikunena zabodza, pakuti bodza lonenedwa moseketsa limakumbukika kuposa choona chonenedwa mozizira.

Yoyamba ndi ya mankhwala ophera tizilombo. M'misika ya m'tauni mumagulitsidwa mankhwala otsanulidwa m'timabotolo topanda lebulo, ndipo ena ndi a thonje kapena fodya, osayenera pa masamba odya. Mankhwala aliwonse ovomerezeka amalembedwa masiku oyenera kudikira pakati pa kupopera ndi kuthyola, ndipo masamba othyoledwa masikuwo asanakwane amapita ndi poizoni m'mbale ya wogula. Banja lokhala m'chipinda chimodzi limasunga botolo pamalo pamene ana amafika, nthawi zina m'botolo la chakumwa. Kupopera mowirikiza kumaphanso tizilombo tothandiza ndipo kumalimbitsa toononga. Chimbozi cha tomato chotchedwa Tuta absoluta, chimene chinapezeka ku Tanzania mu 2014 ndi ku Zambia ndi South Africa mu 2016, chimadziwika ndi kuzolowera mankhwala msanga. Polimbana nacho, kuchotsa ndi kukwirira masamba ndi zipatso zogwidwa, kuzula zitsa zakale ndi kusinthanitsa mbeu nkofunika ngati mpope womwe. Ngakhale mankhwala azitsamba ali ndi malire ake: ombwe amapha nsomba, choncho zotsala zake zisatsukidwire mumtsinje.

Yachiwiri ndi ya madzi. Mitsinje ndi ngalande zambiri za m'mizinda zimalandira zonyansa za m'zimbudzi, zimene zimanyamula mazira a njoka zam'mimba ndi tizilombo ta kolera ndi kamwazi. Kuuza alimi kuti aleke kuthirira sikuthandiza ngati alibe madzi ena. Chothandiza ndi kuchepetsa ngozi pa sitepe iliyonse, monga anafotokozera malangizo a WHO a mu 2006: kuthirira patsinde osati pamasamba, kusiya madzi adikhe asanatungidwe, kuleka kuthirira ndi madzi okayikitsa masiku angapo kukolola kusanachitike, kutsuka masamba ndi madzi a pampopi, ndi kupewa kulima ndiwo zodya zosaphika ngati letesi pa malo otere. Maiko ena alinso ndi malamulo a mtunda woyenera kusiya kuchokera kumtsinje. Ku Zimbabwe ndi mamita 30.

Yachitatu ndi ya nthaka yoipitsidwa ndi migodi, mafakitale kapena malo otayako zinyalala. Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake linatsalira m'nthaka ya m'makomboni oyandikana nawo. Mtovu suoneka, sununkha, sutha ndi kuphika, ndipo umaononga ubongo wa ana aang'ono. Pa malo okayikitsa nthaka iyesedwe dimba lisanayambe. Ngati izi sizingatheke, masamba alimidwe m'matumba kapena m'mabedi okwezeka a dothi lochokera kwina, njira za m'dimba ziphimbidwe kuti fumbi lisauluke, ndipo ana asaseweremo.

Zoyenera kusamala

Chidole chisafanane ndi munthu weniweni wa m'deralo, kaya pa nkhope, pa kavalidwe kapena pa kalankhulidwe. Chikangofanana, chitetezo chonse chatha ndipo sewero lasanduka chipongwe. Asasekedwe wolumala, wachibwibwi kapena wolankhula chinenero cha mtundu wina, ngakhale kuti zimenezi nzimene zimaseketsa anthu msanga. Khansala ndi chipani zisalowe m'sewero. Ngati vuto lili ndi khonsolo, monga malo kapena madzi, ndi bwino kuitana akuluakulu a khonsolo kudzaonera sewero lofotokoza vutolo mwaulemu, atayendera kaye dimba ndi kuona mabedi ndi maso awo.

M'madera a Achewa ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndiponso m'makomboni a m'migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe kumene gule wamkulu amavinidwa, zidole zisatengere maonekedwe kapena maina a zilombo za gule. Zimenezo zili ndi eni ake ndi mwambo wake. Kwina anthu amakayikira chidole chilichonse chooneka ngati munthu pochiganizira zamatsenga, ndipo mipingo ina imachita nacho mantha. Mankhwala ake ndi kupangira zidole poyera, ana ndi akulu akuona, ndi kutulutsa oseweretsa kutsogolo kwa nsalu chionetsero chikatha, zidole zili m'manja.

Ana amathamangira zidole kuposa akulu, ndipo mwana mmodzi akaona nsalu ikumangidwa, posakhalitsa pamadzaza ana zana. Izi si zoipa, popeza ana ndiwo amathirira ndi kulondera madimba ambiri, ndipo amakafotokoza kunyumba zimene aona. Koma nkhani ya ndalama za gulu kapena ya m'banja ichitikire mkati mwa mpanda wa dimba, pa nthawi ya sukulu, mamembala okhaokha.

Ngozi ina ndi yoti gulu la zidole likhoza kutchuka nkuiwala khasu. Mabungwe amayamba kuliitana ku misonkhano ndi kulipatsa ndalama, achinyamata aluso amasanduka a zisudzo, ndipo mabedi awo amamera udzu. Lamulo losavuta ndi loti wogwira chidole akhale ndi bedi losamalika, ndipo ndalama iliyonse yochokera ku chionetsero ilowe m'thumba la gulu, yolembedwa m'buku lomwe mumalembedwa za masamba.

Kudziwa ngati ntchito ikuyenda

Chiwerengero cha anthu oonera sichiuza mlangizi kanthu, chifukwa ngakhale ndewu ya pamsika imasonkhanitsa anthu. Umboni uli m'dimba patatha masabata awiri. Ngati sewero linali la kuphimbira, awerenge mabedi ophimbira tsiku la sewero, nkuwerenganso pa ulendo wotsatira. Ngati linali la kuthirira, ayang'ane kaundula. Ngati linali la mankhwala, afunse botolo lili kuti ndipo aone ngati tsiku lopopera lalembedwa pa kamtengo ka pa bedi. Pamene palibe chasintha, gulu libwerere ku nkhaniyo ndi kufunsa chimene sewero linaphonya. Kawirikawiri kumapezeka kuti linanena za umbuli pamene vuto lenileni linali kusowa kwa udzu wophimbira m'tauni, kapena mtengo wa madzi.

Gulu likakhazikika, likhoza kuyendera gulu lina la m'komboni yoyandikana nayo, litatenga bokosi la zidole, beseni la mbande ndi buku la zolemba za mabedi ophunzirira. Alendowo achite sewero lawo, aonetse manambala awo, ndipo asanachoke athandize eni malo kupanga chidole chawo choyamba. Bokosi la zidole lisungidwe pamodzi ndi makasu ndi makheni, pamalo ouma pamene makoswe ndi chiswe sizifika, popeza phala la chinangwa limaitana zonse ziwiri. Kiyi wake akhale ndi membala wosankhidwa ndi gulu, osati mlangizi, amene tsiku lina adzasamutsidwira kudera lina.